Cizimba ca Yunivesiti

Kumayambiriro kwa buku la Leigh Bardugo lochedwa Ninth House, limene linatuluka mu 2019, ophunzira ena a pa yunivesiti ya Yale ku America asonkhana usiku m'cipinda cokhoma. Pathebulo agonekapo munthu wamoyo, wodwala maganizo amene amutenga mobisa kucipatala ca m'tauniyo. Amung'amba pamimba, ndipo mkulu wa mwambowo akuwerenga matumbo ake kuti adziwiretu mmene mitengo ya masheya idzayendera. Mwambo ukatha amusoka ndi kumubweza pabedi lake, iye osadziwa kanthu. Amene akudikira zotsatira ndi anthu olemera omwe anaphunzira pasukulupo kale, ndipo dzina la wodwalayo alibe nalo nchito.

Ife a kuno sitifunika wotimasulira zimene zikucitika pathebulopo. Tinakula tikumva za wamalonda amene sitolo yake siitha katundu cifukwa kunyumba kwake kuli mwana amene anamupusitsa ndi mankhwala, ndi za cigayo cimene amati cimadya munthu caka ciliconse. Kaya mumakhulupirira zimenezi kaya ai, mau ake mumawadziwa: munthuyo ndi wokhwima, ndipo mankhwala ake anagwira cifukwa anapereka cizimba. Mankhwala aakulu sagwira popanda cizimba, ndipo amene amacilipira kawirikawiri sakhala mwini cuma. Mabuku amene ndikufuna kukambapo pano amatenga funso limeneli, limene ife timafunsa tikaona sitolo ya mnzathu ikukula, ndi kulifunsa kwa yunivesiti. Nzeru zonsezi, ulemu wonsewu, nyumba zamiyala zokongolazi, cizimba cake n'ciani ndipo anapereka ndani?

M'Cingerezi mabuku otere amawacha dark academia. Ambiri amavomereza kuti kholo lao ndi The Secret History la Donna Tartt, la mu 1992, lonena za ophunzira Cigiriki pa koleji ina ku Vermont amene apha mnzao. M'buku la Tartt mulibe matsenga oonekera. Muli cabe acinyamata onyada amene aganiza kuti maphunziro ao awaika pamwamba pa malamulo a anthu wamba. Matsenga analowa mwamphamvu pambuyo pake. Ninth House litatuluka, Naomi Novik anatulutsa A Deadly Education mu 2020. Caka comweco Olivie Blake anadzisindikizira yekha The Atlas Six, limene linachuka pa TikTok mpaka kampani yaikulu yosindikiza mabuku inalitenga ndi kulitulutsanso mu 2022, caka cimenenso R. F. Kuang anatulutsa Babel. Zaka zimenezi muziyang'ane bwino. Ndi nthawi imene masukulu padziko lonse anatsekedwa cifukwa ca Covid-19, ndipo acinyamata okhala m'nyumba anayamba kulakalaka laibulale, makalasi ndi anzao, ngakhale sukulu yake ikhale ya mizukwa.

Ine ndimaphunzitsa pa sekondale ina muno mu Lusaka, ndipo cimene cinandicititsa kuwerenga mabukuwa ndi cakuti ana amene amalephera kutsiriza kabuku kocepa ka m'kalasi ndinawaona akutsiriza Babel, buku la masamba oposa 500, pa kafoni kong'aluka galasi. Cifukwa coyamba n'cosavuta, ndipo olemba ndemanga ambiri amacidumpha. Munthu amene akuyamba kumene kuwerenga nthano za maiko ongopeka amatopa msanga ndi mapu, maina a mafumu ndi mbiri za nkhondo zimene ayenera kuloweza nkhani isanayambe n'komwe. Koma sukulu amaidziwa. Kwa munthu wa zaka 17, sukulu ndilo bungwe lokhalo limene amalidziwa kucokera m'kati: adziwa mantha a mayeso, adziwa mphunzitsi amene ali ndi okondedwa ake, adziwa amene amabwera pa galimoto ndi amene amabwera pansi kucokera kukomboni. Wolemba akaika ziwanda m'malo otere safunika kufotokoza zambiri. Wowerenga alowa ngati kwao, ndipo akadzidzimuka ali pa tsamba la 200.

Ena amati mabukuwa ndi Harry Potter wa anthu amene akula. Pali coona pang'ono, koma kusiyana kwake ndiko nkhani yonse. Kwa Harry, sukulu ndi kwao kweni-kweni. Kalata yomuitana imamupulumutsa ku nyumba ya nkhanza, ndipo coipa cacikulu cimacokera kunja kwa mpanda. M'mabuku atsopanowa mfiti ndi sukulu imene. Kalata yokuitana ndi ngongole. Alex Stern wa mu Ninth House ndi mtsikana wa ku Los Angeles amene analeka sukulu ndi kulowerera m'mankhwala osokoneza bongo. Yale imupatsa malo aulere, osati cifukwa ca nzeru za m'kalasi, koma cifukwa amaona mizukwa imene ena saiona, ndipo akulu a sukulu afuna maso akewo kuti aziyang'anira miyambo ya magulu asanu ndi atatu acinsinsi. Magulu amenewa Bardugo sanawapeke. Skull and Bones, limene m'bukumo limang'amba anthu pamimba, linayamba mu 1832, ndipo George W. Bush ndi John Kerry, amene anapikisana pa cisankho ca pulezidenti wa America mu 2004, onse awiri anali a gululi. Copeka ndi matsenga okha. Mtsikana wina wa m'tauni ya New Haven, amene si wophunzira, akapezeka ataphedwa, Alex auzidwa kuti asavutike nazo poti wakufayo si wa pasukulu. Iye adziwa bwino kuti pakadapanda maso akewo, mtembowo ukadatha kukhala wake.

Mwana wathu amamva zimenezi mosiyana ndi mwana wa ku London amene makolo ndi agogo ake onse ali ndi madigiri. Pamene dziko lino linalandira ufulu mu 1964, anthu akuda a m'dziko muno amene anali ndi digiri anali pafupifupi 100 cabe, ndipo University of Zambia inatsegulidwa mu 1966. Zaka zapitapo zambiri, mayunivesiti aculuka, komabe m'mabanja ambiri mwana amene akulemba mayeso a Giredi 12 akali woyamba kuyandikira cipata cimeneco. Adziwa kuti mapointi ake si ake yekha. Adziwa za ng'ombe imene inagulitsidwa kumudzi, za mlongo wake amene anakhala panyumba kuti ndalama zikwanire mmodzi, za amalume amene adzakumbutsa pa maliro alionse kuti ndiwo analipira. Akuluakulu tikamalankhula naye za yunivesiti timangonena zabwino zokha-zokha, ngati anthu otsatsa malonda. Ndiye apeza buku limene likumuuza poyera kuti malo amene akuwalakalakawo ali ndi mtengo, kuti ena adzalowa ataulipira kale makolo ao, ndipo iye adzalipira ndi thupi lake. Akhulupirira bukulo kuposa ife, ndipo sindimuimba mlandu.

Buku limene ndikufuna kukhalapo nthawi ndi Babel, cifukwa ndilo lili ndi maganizo akuya kuposa anzake, komanso ndilo limandikwiyitsa kwambiri. Kuang anabadwira ku Guangzhou mu 1996 ndi kukulira ku America, koma nkhani yake waiika ku England m'zaka za m'ma 1830. Mnyamata wa ku Canton, mai ake atafa ndi kolera, atengedwa ndi Profesa Richard Lovell kupita ku London. Auzidwa kuti asankhe dzina lacingerezi, ndipo akhala Robin Swift. Dzina limene mai ake anali kumuitana nalo sitilimva m'buku lonse. Kwa zaka zingapo aphunzitsidwa Cilatini, Cigiriki ndi Cichaina, kenaka atumizidwa ku Oxford, ku nsanja ya omasulira imene amaicha Babel. Kumeneko apeza anzake atatu: Ramy wa ku Calcutta, Victoire wobadwira ku Haiti, ndi Letty, mwana wa mkulu wa asilikali a panyanja wa ku England.

Matsenga a m'bukuli ndiwo cinthu cabwino koposa cimene Kuang anaganiza. Amisiri amatenga kacidutswa ka siliva. Mbali imodzi amalembapo liu la cinenero cimodzi, mbali ina liu la cinenero cina limene amati n'lofanana nalo. Koma palibe mau awiri a zinenero zosiyana amene amafanana ndendende. Kamene katsalira, kamene kakana kuwoloka, siliva amakagwira ndi kukasandutsa mphamvu yoyendetsa ngolo mwaliwiro, yolimbitsa milatho, yociritsa odwala. Yesani ndi mau athu muone. Cimanga cimakhwima, munthu amakhwima nzeru, mfiti nayo imakhwima. Liu la Cingerezi lakuti mature linyamula ziwiri zoyambazo ndi kusiya cacitatu panja. Siliva wolembedwa mau awiriwa ine sindikadagona naye m'nyumba.

Lamulo lina la matsengawa ndilo limabala nkhani yonse. Siliva sagwira nchito pokhapokha mau ake atachulidwa ndi munthu amene zinenero ziwirizo zili m'magazi ake, wofika polota nazo. Ndipo zinenero za ku Ulaya, pobwerekana mau kwa zaka zambiri, zayamba kufanana, motero mphamvu yao ikucepa. Conco Britain ifunika Cichaina, Ciarabu ndi zinenero za ku India, ndipo ifunika ana amene anayamwa zinenerozo. Robin sanatengedwe cifukwa ca cifundo. Iye ndi mgodi, ndipo cimene akumbamo ndi cinenero ca mai ake, kuti cikalimbitse zombo zimene zidzapita kukaombera dziko la mai akewo pa nkhondo ya opiamu, imene m'mbiri yeni-yeni inayamba mu 1839. Munthu wa m'dziko lino sangawerenge zimenezi osakumbuka kuti kumasulira kunatilanda nafenso. Mu 1890 Litunga Lewanika anasaina pangano ndi Frank Lochner, nthumwi ya British South Africa Company ya Cecil Rhodes, womasulira ali mmishonale François Coillard. Mfumu inamva kuti ikupangana ndi Mfumukazi Victoria kuti aiteteze; pepala linapatsa kampani ya malonda ufulu wokumba miyala. Pakati pa zimene mfumu inamva ndi zimene zinalembedwa panagwera dziko. Kuang sachula zathuzi, koma siliva wake ndi cithunzi ca mpata umenewo.

Mbali ya bukuli imene ndimaikhulupirira kwambiri ndi ya pakati, pamene Robin akukonda Oxford. Aikondadi. Akonda laibulale, cakudya, ndalama za m'thumba zimene sukulu imupatsa, ndi usiku wautali woceza ndi anzake atatu aja. Mkulu wake wa bambo mmodzi, Griffin, akamukokera m'gulu lobisika limene limaba siliva kuti lithandize maiko oponderezedwa, Robin athandiza ndi mtima uwiri, akuopa kutaya bedi lake lofunda. Apa Kuang walemba coonadi cimene anthu ophunzira sitikonda kunena: kuti munthu akhoza kudziwa kuti nyumba inamangidwa pa manda koma osafuna kutulukamo, poti kunja kukugwa mvula.

Vuto ndi lakuti Kuang sakhulupirira wowerenga wake. M'munsi mwa masamba waikamo timau tofotokozera, ndipo tambiri sitiwonjezera kanthu koma kutsimikizira kuti ukapolo unali woipa ndi kuti munthu wakuti-wakuti anali watsankho, ngati kuti nkhani imene tangowerenga sinationetse. Lovell alibe ngakhale kamphindi kamodzi kokayika, motero sationetsa mmene munthu wanzeru, wokonda zinenero ndi mtima wonse, amafikira pokhala wankhanza. Ramy ndi Victoire nthawi zina amalankhula ngati ophunzira a masiku ano m'kalasi ya mbiri ya utsamunda, osati ngati acinyamata a mu 1838 amene akufunafuna okha mau ochulira cimene cikuwapweteka. Ndipo Letty, mzungu yekha pakati pao, njira imene adzatsata timaiona akali kutali ngati fumbi la lole m'cilimwe. Monga mphunzitsi ndimazindikira cizolowezi cimeneci, ca kulemba yankho pa bolodi ana asanayese okha. M'kalasi cimapha cidwi; m'buku cimapha mantha, ndipo buku la mdima lopanda mantha latsala ndi ciani?

Amene simunawerenge ndipo simufuna kumva mathero, dumphani ndime ino. Robin ndi anzake alanda nsanja, aleka kukonza siliva, ndipo zinthu ku London ziyamba kugwa, anthu osalakwa akufa. Potsiriza Robin agwetsa nsanjayo iye mwini ali m'kati. Mutu wonse wa bukuli umanena za kufunika kwa ciwawa, ndipo Kuang sanyengerera. Koma taganizirani mwana wa Giredi 12 amene wadziona mwa Robin kwa masamba 500. Bukulo lamuonetsa njira ziwiri: kumeza zonse ndi kukhala cete, kapena kufa pansi pa miyala. Njira yacitatu ndi ya Victoire, amene akana kufa, athawa ndi kusankha kukhala ndi moyo kuti apitirize nkhondo. Imeneyo ndiyo njira yovuta, ndipo ndiyo imene ambiri a ife ophunzira timafuna kuimva. Kuang aipatsa masamba owerengeka a kumapeto.

Njira yacitatuyo inalembedwa kale kuno kum'mwera kwa Africa, popanda siliva. Mu Nervous Conditions la Tsitsi Dangarembga, la mu 1988, Tambu apeza malo pa sukulu ya mishoni cifukwa mlongo wake Nhamo wamwalira. Pakadapanda maliro amenewo ndalama za banja sizikadamufika iye mwana wamkazi. Cizimba cimeneco ndi ca m'nyumba, ndipo Tambu ayenera kukhala naco moyo wake wonse, akudya, akukhoza mayeso, akuona msuweni wake Nyasha akudwala ndi Cingerezi comweco cimene iye akucithamangira. Ndipo ngati mufuna Robin weni-weni, werengani za Dambudzo Marechera, amene anacotsedwa pa University of Rhodesia mu 1973, n'kupeza malo pa New College ku Oxford, n'kucotsedwanso mu 1976, ndipo patapita zaka ziwiri anatulutsa The House of Hunger. Mwana akanditsirizira Babel ndi kufunsa cina, ndimamupatsa Dangarembga. Ena amabweza msanga ati mulibe matsenga. Ena amabwera nalo ali cete, ndipo amenewo ndimadziwa kuti asanduka owerenga.

Pa nkhani ya cuma, wolemba amene sanabise kanthu ndi Naomi Novik. Sukulu yake, Scholomance, si yunivesiti kweni-kweni poti ana amalowamo ali ndi zaka 14, koma mzimu wake ndi womwewo. Dzinali analitenga ku nthano za ku Romania za sukulu ya Mdyerekezi, imene amati inali kulandira ophunzira khumi ndi kusunga mmodzi ngati malipiro. M'sukulu ya Novik mulibe aphunzitsi. Muli zirombo zimene zimadya ana a matsenga, m'mipope, m'cipinda codyera, m'laibulale, ndipo tsiku lotsiriza maphunziro ndi kuthamanga kudutsa holo yodzaza ndi zirombozo. Makolo amatumizabe ana ao cifukwa kunja n'koopsa koposa. Mphamvu ya matsenga ili ya mitundu iwiri. Ina umaipeza ndi thukuta lako, pocita nchito yotopetsa. El, mtsikana amene akusimba nkhaniyi, amaisonkhanitsa ndi kuluka ndi maseŵera olimbitsa thupi amene amadana nao. Ina umaiba kwa zamoyo zina, kuyambira tizirombo mpaka anthu, ndipo imabwera msanga koma imakuononga m'kati. Agogo anu akadawerenga akadangogwedeza mutu: kulima ndi kukhwima.

Ana a mabanja olemera, ocokera m'midzi yotetezedwa ya amatsenga ya ku New York kapena London, amabwera ndi nkhokwe ya mphamvu yosonkhanitsidwa ndi ena. Safunika kukhala oipa mtima. Ana osauka amadzipereka okha kuwanyamulira katundu, kukhala pa mipando yoopsa ya pafupi ndi khomo, kuyamba kulowa m'cipinda cosadziwika, poyembekeza kuti mwina adzawatenga m'gulu lao. Sukulu inamangidwa ndi olemera, ndipo inalandira osauka kuti zirombo zikhale ndi cakudya cina. Buku lacitatu, The Golden Enclaves la mu 2022, limaulula cimene cinakwiriridwa pansi pa maziko a midzi yotetezedwayo; sindinena, koma munthu wa kuno adzakhala atacilota kale. Zofooka zilipo. El amalankhula mosalekeza, ndipo pena amaimitsa nkhondo pakati kuti afotokoze malamulo a sukulu kwa masamba atatu. Komanso m'buku loyamba munali ndime yonena kuti tsitsi la madiredi limasunga tizirombo, imene inakwiyitsa owerenga akuda mpaka Novik anapepesa poyera. Sukulu yake yasonkhanitsa ana a dziko lonse, koma a ku Africa amangodutsa m'mbali ngati anthu a m'cithunzi ca ena.

The Atlas Six sindikhalapo nthawi. Acinyamata asanu ndi mmodzi aluso aitanidwa ku gulu losunga mabuku a laibulale yakale ya ku Alexandria, ndipo asanu okha ndiwo adzalandiridwa. Winayo ayenera kufa. Cizimba cilipo, koma casanduka cokongoletsera. Onse ndi okongola, onse amalankhula mocenjera, ndipo nditafika pakati ndinapeza kuti aliyense wa iwo akadafa sindikadataya tulo. Ana ambiri amalikonda cifukwa ca zacikondi zake, ndipo zimenezo si mlandu.

Bukuli komabe limaonetsa poyera matenda amene anzake abwino aja alinso nao mobisa. Akuluakulu anati cikome-kome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Mabukuwa amang'amba nkhuyu kuti tione nyerere, koma amajambula khungu lake mokongola kwambiri kotero kuti wowerenga amatseka buku akumva njala. Pa TikTok dark academia ndi majekete aubweya, makandulo, makalata olembedwa ndi inki ndi zithunzi za mvula pa mawindo akale, ndipo wodwala uja wa pathebulo saonekapo. Olembawo ndi ometa a kudambwe limene akuliulula: Bardugo anaphunzira ku Yale ndipo anali m'gulu lina lacinsinsi la kumeneko, Wolf's Head, Kuang anapita ku Cambridge, ku Oxford ndi ku Yale. N'cifukwa cake amadziwa fungo la makonde amenewo, ndipo n'cifukwa cakenso satha kuleka kuwakonda. Ndaona ana amene atatsiriza Babel funso lao loyamba linali lakuti munthu amalowa bwanji ku Oxford. Ndinawauza za Rhodes Scholarship, imene inakhazikitsidwa ndi cuma cimene Rhodes anasiya atamwalira mu 1902 ndipo mpaka lero imalandira acinyamata a ku Zambia. Ndinawauzanso kuti cifanizo ca Rhodes cikali ciimire pakhoma la Oriel College, ngakhale ophunzira anacita zionetsero kuti cicotsedwe. Palibe mwana amene ndingamuuze kuti akane mwai umenewo ukamupeza, ndipo sindikhulupirira kuti Kuang angamuuze. Cimene ndimafuna n'cakuti akadutsa pansi pa cifanizoco adziwe kumene cuma cinacokera, poti dziko la agogo ake linali kuchedwa ndi dzina la munthu ameneyo.

Makolo ena amafunsa funso lina: kodi si zausatana zimenezi? M'dziko limene linalengezedwa kuti ndi lacikhristu mu 1991, ndipo mphekesera za usatana m'masukulu ogonera komweko zimabuka kawirikawiri, funsoli sindiliseka. Yankho langa ndi lakuti mabuku atatu abwino aja amadana ndi kukhwima kuposa maulaliki ambiri amene ndamva, cifukwa amalondola magazi mpaka kwa amene anapindula, ngakhale akhale wovala suti ndi wopereka zambiri kuchalichi. Nthano zathu zakhala zikucita comweco kuyambira kale. Amene anamvako Julius Chongo pa Poceza m'Madzulo adziwa kuti nkhani ya mfiti pa wailesi sinali kuphunzitsa ufiti. Cenjezo langa lili pena. Ninth House linalembedwera akuluakulu. Muli kugwirira, kuphatikizapo kwa mwana, ndi mankhwala osokoneza bongo, zolembedwa mosabisa. Limenelo sindingapatse mwana wa zaka 13, ndipo kholo limene lapeza bukuli pafoni ya mwana wamng'ono lili ndi cifukwa cokhalira naye pansi. Novik ndi Kuang ndingawapatse wa sekondale yapamwamba popanda nkhawa.

Mu 2025 Kuang anabwereranso ku sukulu ndi Katabasis. Ulendo uno tili ku Cambridge, ndipo Alice Law, wophunzira digiri yapamwamba ya matsenga, wataya profesa womuyang'anira, Jacob Grimes, amene wafa pa ngozi ya matsenga imene Alice aganiza kuti anaicititsa ndi iye. Grimes anali wankhanza, wozunza ophunzira ake, koma dzina lake pa kalata ndilo limatsegula zitseko za nchito. Conco Alice, pamodzi ndi mnzake wopikisana naye Peter Murdoch, atsikira ku dziko la akufa kukamutenga, ndipo apeza kuti dzikolo likuoneka ngati yunivesiti. Bukuli ndi lolemera kuposa Babel, ladzaza Dante ndi mikangano ya afilosofi, ndipo kwa woyamba kumene kuwerenga sindingaliike patsogolo. Mtengo wa ulendowo ndi theka la zaka zimene munthu watsala nazo pa moyo, ndipo Alice aulipira osacedwa n'komwe. Ana awiri a m'kalasi langa amene analitsiriza anali ndi mafunso ambiri, za Dante, za cikondi ca Alice ndi Peter, za cifukwa cake Kuang amakonda kufotokoza zinthu kawiri. Za mtengowo palibe anafunsa.